Kodi Vuto la Autism mwa Mwana Limayezedwa Bwanji?

Kholo lililonse limene limapita ndi mwana ku sikelo limadziŵa ntchito ya kuyeza. Mwana amavekedwa kabudula wa nsalu, napachikidwa pa sikelo, ndipo mlangizi wa zaumoyo amalemba kulemera kwake m'buku la kuchipatala. Mzere ukamakwera mwezi ndi mwezi, mayi amabwerera kwawo mtima uli m'malo. Ukaima kapena kutsika, amalangizidwa za phala lotsira nsinjiro, mazira ndi ndiwo zamasamba. Palibe mayi amene amayesa nambala ya pa sikelo ngati chigamulo chotaya mwana wake, pakuti aliyense amadziŵa kuti nambalayo imangosonyeza chithandizo chimene mwanayo akusoŵa.

Koma ilipo mbali ina ya kukula kwa mwana imene sikelo yachitsulo siingathe kuyeza. Imeneyi ndi mbali ya kulankhula, kumvana ndi anthu, kuseŵera ndi anzake ndiponso kulandira zinthu zatsopano. Alipo ana amene amalemera bwino, amakwaŵa ndi kuyenda pa nthaŵi yake, koma akaitanidwa satembenuka, ndipo amakhala ngati ali m'dziko lawolawo. Ena mwa ana otereŵa ali ndi vuto limene a zachipatala amalitcha autism. Vuto limeneli nalonso lili ndi miyeso yake, ndipo nkofunika kuti inu makolo muidziŵe, chifukwa pa kuyeza kumeneku mboni yaikulu ndi inuyo amene mumagona ndi kudzuka naye mwanayo.

Autism n'chiyani?

Dzinali n'lachilendo m'makutu mwathu, koma ana ake si achilendo m'midzi mwathu. Autism ndi kusiyana kwa kakulidwe ka ubongo kumene kumayamba mwana ali wamng'ono kwambiri, ngakhale kuti zizindikiro zake zimaonekera bwino pamene mwanayo ali pakati pa chaka chimodzi ndi zaka 3. Zizindikirozo zili m'magulu aŵiri.

Gulu loyamba likukhudza kuyanjana ndi kulankhulana ndi anthu. Mwana satembenuka pomva dzina lake ngakhale makutu ake ali bwinobwino. Saloza ndege kapena mbuzi ndi chala kuti amayi ake aione, ndipo akatola kanthu sabwera nako kudzaonetsa. Akafuna madzi amangogwira dzanja la munthu wamkulu n'kulikokera ku mtsuko, osayang'ana nkhope ya mwini dzanjalo. Ena amachedwa kulankhula, ena salankhula konse, ndipo ena amangobwereza mawu amene amva. Mukati, "Ufuna phala?" iyenso amati, "Ufuna phala?"

Gulu lachiŵiri likukhudza kubwerezabwereza zinthu ndi kukana kusintha. Mwana amakupiza manja, amazungulirazungulira pamalo amodzi, kapena amandandika zitsononkho pamzere kwa nthaŵi yaitali, nalira koopsa wina akachotsapo chimodzi. Mukamusinthira mbale yodyera kapena njira ya ku chitsime, satonthozeka. Ena amatseka makutu pomva kulira kwa chigayo, ena amakana zakudya zonse kupatula chimodzi kapena ziŵiri, ndipo ena saonetsa kumva kuŵaŵa ngakhale atavulala.

Mmodzi mwa oyamba kulongosola ana otere anali Dr Leo Kanner wa pa chipatala cha Johns Hopkins, mu mzinda wa Baltimore ku America, amene m'chaka cha 1943 adalemba za ana 11, anyamata 8 ndi atsikana 3. M'chaka cha 1944 Dr Hans Asperger wa ku Vienna adalemba za anyamata olankhula bwino koma olephera kugwirizana ndi anzawo. Kenaka m'chaka cha 1979 Lorna Wing ndi Judith Gould, atafufuza ana a m'dera la Camberwell ku London, adaonetsa kuti vutoli lili ngati mtsinje umodzi umene pena ndi wosaya, pena umafika m'chiuno, pena ndi wozama ndithu. M'chaka cha 2023 bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO lidanena kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 alionse ali ndi autism. Vutoli limapezeka kaŵirikaŵiri mwa anyamata kuposa atsikana.

Tinene poyera kuti autism si ufiti, si tsempho, ndiponso si chilango cha kulakwa kwa mayi. Kafukufuku wa ana amapasa waonetsa kuti mbali yaikulu ya vutoli imachokera m'chibadwa cha mwanayo, motero palibe chifukwa choti akuchimuna aziloza chala akuchikazi. Katemera nayenso alibe mlandu. Mphekesera yonena za katemera wa chikuku idachokera pa nkhani ya Andrew Wakefield wa ku Britain ya m'chaka cha 1998. M'chaka cha 2010 magazini ya madokotala ya Lancet idaichotsa nkhaniyo, ndipo mwini wake adalandidwa chilolezo cha udokotala. Kafukufuku wa ku Denmark wa m'chaka cha 2019, wokhudza ana oposa 650,000, sadapeze kugwirizana kulikonse pakati pa katemerayo ndi autism. Tsono pitirizani kubayitsa ana anu katemera.

Chifukwa chake timayeza

Popeza mtsinjewu ndi wosiyana kuya kwake, dzina lokha lakuti autism silikwanira kuuza mayi kapena mphunzitsi chochita. Mwana wina amene ali ndi autism amamaliza sukulu, nagwira ntchito, namanga banja. Wina amafika zaka 10 asanatchule liwu, ndipo amafunika munthu womuyang'anira pafupi ndi moto, chitsime ndi msewu. Aŵiriŵa dzina la vuto lawo ndi limodzi, koma chithandizo chawo n'chosiyana kutalitali. Kuyeza kumathandiza kudziŵa poyambira, kuona ngati mwana akupita patsogolo chaka ndi chaka, ndiponso kugaŵa bwino akatswiri ochepa amene alipo.

Malungo timawapeza poyeza magazi, ndipo fupa lothyoka limaoneka pojambula. Autism siioneka m'magazi, m'mkodzo kapena pa chithunzi cha kuchipatala. Woyeza ali ndi zida ziŵiri zokha, ndizo maso ake poona mmene mwana akuchitira, ndi makutu ake pomva zimene makolo akufotokoza. Kuti oyeza osiyanasiyana asamangotsata maganizo awo, akatswiri adakonza mapepala a mafunso ndi miyeso yofanana. Si chipatala chilichonse chimene chili ndi mapepala ameneŵa, koma mafunso amene mudzafunsidwa adzakhala ozungulira pa mfundo zomwezi.

Ntchito yoyamba: kupatula ana ofunika kuonedwa

Asanayeze kukula kwa vuto, a zachipatala amayamba apatula ana amene akufunika kuonedwa mwapadera. Pepala lodziŵika kwambiri pa ntchito imeneyi ndi M-CHAT, limene Diana Robins ndi anzake adatulutsa ku America m'chaka cha 2001. Pepala lokonzedwanso lili ndi mafunso 20 oyankha kuti inde kapena ayi, ndipo ndi la ana a miyezi 16 mpaka 30. Mafunsowo amafuna kudziŵa ngati mwana amaloza zinthu, amayang'ana kumene inu mwaloza, amachita chidwi ndi ana anzake, amatembenuka pomva dzina lake, ndiponso ngati amaseŵera zoyerekeza monga kuphika nsima ya dothi. Mayankho odetsa nkhaŵa akakhala 2 kapena kucheperapo, chiopsezo n'chochepa. Akakhala 3 mpaka 7, kholo limafunsidwanso mwatsatanetsatane. Akafika 8 kapena kuposa, mwana amatumizidwa msanga kwa akatswiri. Dziŵani kuti pepalali siligamula kuti mwana ali ndi autism. Limangoti, "Uyu aonedwe bwino."

Kuno kwathu ulipo muyeso wa kakulidwe ka ana wotchedwa Malawi Developmental Assessment Tool, umene Dr Melissa Gladstone ndi anzake adaufalitsa m'chaka cha 2010 atauyesa pa ana a m'chigawo cha kum'mwera. Uli ndi mfundo 136 m'mbali zinayi: kuyenda ndi mphamvu za thupi, luso la zala, kulankhula, ndi kukhala ndi anthu. Muyesowu si wa autism yokha, koma umasonyeza mbali imene mwana watsalira poyerekeza ndi ana anzake a kuno konkuno.

Ngakhale popanda pepala, kholo lisazengereze kupita kuchipatala likaona izi: mwana wa miyezi 12 amene satulutsa timawu ta "ma-ma" kapena "ba-ba" ndipo saloza kapena kutsazika ndi dzanja, wa miyezi 16 wopanda liwu ndi limodzi lomwe, wa zaka 2 wosatha kulumikiza yekha mawu aŵiri monga "ndifuna madzi", ndiponso mwana wa msinkhu uliwonse amene wasiya kulankhula kapena kuseŵera mmene ankachitira kale.

Muyeso wa mbali 15

Pofuna kudziŵa kukula kwa vutoli, muyeso umene wagwiritsidwa ntchito kwa zaka zambiri m'maiko ambiri ndi CARS. Adaukonza ndi Eric Schopler, Robert Reichler ndi anzawo pa yunivesite ya North Carolina ku America, ndipo udafalitsidwa m'chaka cha 1980. Woyeza amayang'anitsitsa mwana akuseŵera, nafunsa makolo, kenaka amapereka malikisi pa mbali 15 izi: kuyanjana ndi anthu, kutsanzira, kaonetsedwe ka chimwemwe ndi mkwiyo, kagwiritsidwe ka thupi, kagwiritsidwe ka zinthu, kulandira kusintha, kayang'anidwe, kamvedwe ka phokoso, kulaŵa ndi kununkhiza ndi kukhudza, mantha, kulankhula ndi mawu, kulankhula ndi manja ndi nkhope, kutakataka, kagwiridwe ntchito ka nzeru, ndipo potsiriza chithunzi chonse chimene woyeza wachiona.

Mbali iliyonse imalandira malikisi kuyambira 1 mpaka 4, ndipo matheka monga 2.5 amaloledwa. Mosiyana ndi kusukulu, kuno malikisi ambiri amasonyeza vuto lalikulu. Titenge chitsanzo cha kulandira kusintha. Mwana akuseŵera ndi zitini pabwalo ndipo mwamuitana kuti akasambe. Ngati anyinyirika pang'ono koma n'kubwera monga anzake a msinkhu wake, amalandira 1. Ngati ayesa kupitiriza maseŵerawo koma n'kugonja mukamunyengerera, amalandira 2. Ngati akana kwamtuwagalu, nakwiya, nabwerera ku zitinizo mobwerezabwereza, amalandira 3. Ngati adziponya pansi, nalira kosaletseka nthaŵi zonse pamene kanthu kasintha, amalandira 4.

Malikisi onse akaphatikizidwa amakhala pakati pa 15 ndi 60. Kwa ana aang'ono, osafika 30 amasonyeza kuti zizindikiro za autism n'zochepa kapena palibe. Kuyambira 30 mpaka 36.5 ndi vuto locheperapo kapena lapakatikati. Kuyambira 37 kupita m'tsogolo ndi vuto lalikulu. M'chaka cha 2010 muyesowu udakonzedwanso, ndipo adawonjezera pepala lina la ana a zaka 6 kapena kuposa amene amalankhula bwino.

Pali chinthu chimodzi chimene kholo liyenera kuchigwiritsitsa. Ana aŵiri angathe kupeza 34 onse, koma n'kukhala osiyana kotheratu. Wina malikisi ake achuluka chifukwa salankhula, pamene mnzakeyo amalankhula ndithu koma amazunzika ndi phokoso, mantha ndi kusintha. Choncho musakhutire ndi nambala yomaliza yokha. Funsani kuti, "Kodi malikisi achuluka pa mbali ziti?" Yankho la funso limeneli ndilo limakuuzani pamene ntchito iyenera kuyambira.

Milingo itatu ya chithandizo

M'chaka cha 2013 bungwe la madokotala a matenda a maganizo la ku America lidatulutsa buku lotchedwa DSM-5. Bukuli lidaika maina akale, kuphatikizapo la Asperger, pansi pa dzina limodzi la autism, ndipo lidagaŵa kukula kwa vutoli m'milingo itatu. Milingoyi imatchulidwa malinga ndi kuchuluka kwa chithandizo chimene munthu akufuna.

Mlingo woyamba ndi wa wofuna chithandizo. Tiyerekeze mnyamata wa zaka 9 wa Sitandade 3. Amalankhula bwino, masamu amakhoza, koma nkhani yake ndi ya magalimoto basi, ndipo sazindikira kuti anzake atopa nayo. Nthabwala amazitenga ngati zenizeni, motero anzake amamuseka. Aphunzitsi akasintha ndondomeko ya tsiku, amasokonezeka. Mwana wotere amafuna womulongosolera malamulo a kucheza amene ana ena amangowatola okha, ndiponso womuteteza kwa omuvutitsa.

Mlingo wachiŵiri ndi wa wofuna chithandizo chambiri. Tiyerekeze mtsikana wa zaka 6 amene amalankhula mawu aŵiri kapena atatu, makamaka popempha chimene akufuna. Mukamulankhula amayankha mwa apo ndi apo. Kukupiza manja kwake ndi kukana kwake kusintha ngakhale mlendo amakuona tsiku loyamba. Iye angathe kuphunzira kuvala, kusamba ndi kukhala m'kalasi, koma pamafunika munthu womuphunzitsa tsiku ndi tsiku, pang'onopang'ono.

Mlingo wachitatu ndi wa wofuna chithandizo chachikulu kwambiri. Tiyerekeze mnyamata wa zaka 5 amene alibe mawu, kapena ali nawo oŵerengeka osamveka bwino. Sayamba yekha kucheza ndi munthu. Akasokonezedwa amadzimenyetsa mutu kapena kudziluma. Saopa moto, madzi kapena galimoto, ndipo angathe kuchoka pakhomo osadziŵa njira yobwerera. Mwana wotere amafuna maso a munthu wamkulu usana wonse.

Mlingo umaperekedwa paŵiri, wina pa kuyanjana ndi kulankhulana, wina pa kubwerezabwereza ndi kukana kusintha. Mwana angathe kukhala pa mlingo wachiŵiri mbali imodzi, ndi pa mlingo woyamba mbali inayo. Dokotala amalembanso padera ngati mwanayo ali ndi vuto la kuchedwa kuphunzira kapena matenda a khunyu, amene amapezeka kaŵirikaŵiri mwa ana a autism kuposa mwa ana ena.

Zimene zingasokoneze muyeso

Sikelo ikapendekeka imanama, ndipo muyeso wa autism nawonso uli ndi zoupendeketsa. Choyamba ndi makutu. Mwana wogontha satembenuka poitanidwa ndipo amachedwa kulankhula, koma amaloza, amayang'ana nkhope, nayesetsa kulankhula ndi manja. Mwana aliyense wochedwa kulankhula ayenera kuyezedwa makutu, makamaka ngati adatulukapo mafinya m'khutu kapena adadwalapo matenda oumitsa khosi. Malungo ogwira ubongo, kuvutika pobadwa ndi kunyentchera kwakukulu zingathenso kusiya mwana wochedwa kulankhula kapena wosintha khalidwe. N'chifukwa chake dokotala amafuna mbiri yonse kuyambira pa mimba.

Chachiŵiri ndi mwambo. Miyeso yambiri idakonzedwa ku America ndi ku Ulaya, kumene mwana amayembekezeka kuyang'ana munthu wamkulu m'maso. Kuno mwana woleredwa bwino amaŵeramitsa nkhope polankhula ndi akulu, ndipo pamaso pa mlendo wovala zoyera amangoti duu. Limeneli si vuto, ndi ulemu. Funso loyenera ndi lakuti, kodi mwanayu amayang'ana amayi ake poyamwa kapena pakudya? Kodi amasekerera mkulu wake akamuseŵeretsa? Chimodzimodzinso, mwana amene sadaonepo chidole cha m'sitolo asayesedwe wolephera chifukwa sadziŵa chochita nacho. Mupatseni galimoto ya mawaya, mpira wa mapepala kapena chitsononkho choti abereke kumbuyo, ndipo muone.

Chachitatu ndi tsiku lenilenilo. Mwana amene wayenda mtunda wautali pa dzuŵa, wadikira pamzere ndi njala, kapena thupi latentha, adzaoneka woipirapo kuposa mmene amakhalira kunyumba. Mbali inayi, ana ena olankhula bwino, makamaka atsikana, amadziŵa kubisa vuto lawo potsanzira anzawo kwa kanthaŵi, kenaka n'kukaphulika atafika kunyumba. Muyeso wabwino suchitika mothamanga, ndipo nthaŵi zina pamafunika maulendo aŵiri kapena atatu.

Chachinayi ndi ifeyo makolo. Ena amabisa zizindikiro chifukwa cha manyazi, nati, "Bambo ake nawonso adachedwa kulankhula." Ena amakulitsa nkhani poganiza kuti akatero adzalandira mankhwala. Onse aŵiri amalakwitsa muyeso, ndipo wovutika ndi mwana. Nenani zimene mwaona, osachotsa kapena kuwonjezera.

Mlingo si chigamulo cha moyo wonse

Mlingo umafotokoza mmene mwana alili lero, pamalo pamene ali, ndi chithandizo chimene ali nacho. Kafukufuku wotsatira ana kwa zaka zingapo waonetsa kuti ena zizindikiro zawo zimachepa akamakula, ena zimakhala chimodzimodzi, ndipo ena zimakula, makamaka pamene katundu wa moyo wawonjezeka monga poyamba sukulu kapena potha msinkhu. Choncho mwana ayenera kuonedwanso pakapita nthaŵi, ndipo nambala ya zaka 3 isamutsatire mpaka kukula ngati dzina.

Mlingo suyezanso nzeru. Alipo ana osalankhula amene amamva zambiri zimene zikunenedwa pamaso pawo, choncho tisamawanene ngati palibe. Ndiponso mawu akuti "mlingo woyamba" asatipusitse kuti mwanayo alibe vuto. Ana ameneŵa ndiwo kaŵirikaŵiri amamenyedwa poyesedwa amwano, nasiya sukulu chifukwa cha kusekedwa.

Kukonzekera ulendo wa kuchipatala

Popeza muyeso umadalira umboni wanu, konzekani bwino. Kwa masabata aŵiri yang'anitsitsani mwana, ndipo lembani kapena sungani m'mutu mayankho a mafunso aŵa. Kodi mukamuitana dzina ali chofulatira, amatembenuka kangati pa maulendo 10? Kodi amatchula mawu angati, ndipo amawagwiritsa ntchito moyenera? Akafuna chinthu amapempha bwanji? Amaseŵera ndi anzake kapena pambali pawo chabe? N'chiyani chimamukwiyitsa, ndipo amatenga nthaŵi yaitali bwanji kuti atonthole? Amagona bwanji, amadya chiyani? Kodi adakomokapo kapena kuyang'ana pamodzimodzi osaphethira? Musaiŵale kunena zimene amachita bwino ndi zimene amakonda, pakuti pamenepo ndi pamene pamagwira chithandizo.

Pa tsikulo tengani buku lake la kuchipatala, chakudya chimene amakonda, ndi kanthu kamene amaseŵera nako. Apite naye ndi munthu amene amakhala naye usana wonse, kaya ndi amayi, agogo kapena azakhali. Bambo akapita nawo ndi bwino koposa, kuti malangizo amveke ndi makutu anayi. Ngati m'banjamo muli foni yojambula, kanema wamfupi wa mwanayo akuseŵera kapena atakwiya amathandiza dokotala kuona zimene sangazione m'chipinda choyezera.

Yambani ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena chipatala chaching'ono chimene muli nacho pafupi. Iwo adzakutumizani ku chipatala chachikulu cha m'boma lanu, ndipo kukafunika mudzatumizidwanso ku zipatala zazikulu za Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu ku Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu. Ku Mzuzu kulinso a St John of God amene amathandiza ana ochedwa kukula m'nzeru ndi m'kulankhula. Musachoke pamaso pa dokotala musanafunse mafunso atatu: mwana wanga akusoŵa chithandizo pa mbali ziti, ndiyambe ndi chiyani kunyumba, ndipo ndibwerenso liti? Paja akulu adati safunsa adadya phula.

Chithandizo chotsatira muyeso

Palibe jakisoni, mapiritsi kapena mankhwala azitsamba amene amachotsa autism. Chenjerani ndi aliyense wofuna mbuzi kapena ndalama zanu polonjeza kuti mwana alankhula pa sabata imodzi. Mankhwala a kuchipatala alipo a khunyu ndi a mavuto ena oyendera limodzi ndi autism, ndipo ameneŵa amaperekedwa ndi dokotala yekha. Chithandizo chenicheni ndi kuphunzitsa, ndipo m'mera mpoyamba: ubongo wa mwana wamng'ono umaphunzira msanga kuposa wa wamkulu.

Maphunziro a makolo amene bungwe la WHO lidatulutsa m'chaka cha 2022 amatsindika kuti sukulu yoyamba ya mwana wotere ndi ntchito za pakhomo. Khalani pansi kuti nkhope yanu ilingane ndi yake. Loŵani m'maseŵera amene iye wasankha, m'malo momulanda. Lankhulani mawu ochepa omveka, monga "madzi", "bwera", "tsegula", ndipo dikirani kuti ayankhe, kaya ndi liwu, ndi chala kapena ndi diso. Akayesa, muyamikireni nthaŵi yomweyo. Ntchito monga kusamba m'manja igaŵeni m'magawo ang'onoang'ono, ndipo aphunzire gawo limodzi pa nthaŵi. Kudya, kusamba ndi kugona zikhale ndi nthaŵi yake yosasinthasintha, ndipo pakakhala kusintha muuzeni zisanachitike.

Kwa mwana wa mlingo woyamba, kambiranani ndi aphunzitsi kuti akhale kutsogolo ndipo asamasekedwe. Kwa wa mlingo wachiŵiri, funsani kwa mphunzitsi wamkulu za aphunzitsi a maphunziro apadera, monga amene amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort m'boma la Chiradzulu. Kwa wa mlingo wachitatu, chitetezo chikhale patsogolo: vindikirani chitsime, tchingirani pamoto, sungani mankhwala a mbewu patali, ndipo dziŵitsani anansi ndi a mfumu kuti akamuona akuyenda yekha amubweze mwaulemu. Kumanga mwana pa mtengo, kumutsekera m'nyumba kapena kumumenya kumangokulitsa mantha ndi ukali wake.

Mayi wolera mwana wa mlingo wachitatu amatopa, ndipo nthaŵi zambiri amalephera kupita kumunda, kumaliro kapena kumsika. Mutu umodzi susenza denga. Abale, anansi ndi magulu a m'mudzi agaŵane naye maola, kuti nayenso apume ndi kupeza chakudya cha banja.

Tsono inu amene mwaŵerenga nkhaniyi muli pa benchi ya chipatala, ganizirani za ana a pakhomo panu ndi a m'mudzi mwanu. Ngati alipo amene zizindikirozi zikumukhudza, musadikire kuti ayambe sukulu. Tsiku la sikelo likubwerali, mukatha kuyeza kulemera kwake, muuzeni mlangizi wa zaumoyo zimene mwaona, ndipo pemphani kuti zilembedwe m'buku lake.